Dzina Lobwereka

"Alamu, tisazungulirezungulire. Pa wailesi paja adatchula dzina la yani?"

A Jailosi adafunsa ali chiimire, dzanja likadali pa handulo ya njinga. Adapalasa kuchokera kumtunda kwa Maganga mpaka kunyanja kuno dzuwa likuswa mtengo, koma mpando umene adawapatsa adaukana. Mlamu wawo, a Sidiki, adali pamkeka pansi pa mango akusoka ukonde.

"Adatchula Eveles Jailosi," adayankha a Sidiki osadzutsa mutu.

"Eveles ndi mwana wa yani?"

"Ndi wanu."

"Basitu. Ndiye mkangano uli pati? Sukulu ikatsegulira, mwana wanga akukayamba Fomu 1."

Mayi Dorothy, mkazi wa a Sidiki, amenenso adali mlongo wa a Jailosi bere limodzi, adaponya lichero pansi, mpunga mbwee! Nkhuku zokha ndi zimene zidakondwa.

"Achimwene, manyazi mudawasiya kuti? Mayeso aja adalemba ndani? Amene maso adafiira ndi utsi wa koloboyi ndi Eveles? Si inu nomwe mudati, 'Tengani, dzina silitha ngati sopo'?"

"Ndidatero, sindikukana. Ndidabwereketsa. Koma iwe Dorothy, ukabwereka mbuzi n'kuswa m'khola mwako, anawo ndi a yani? Si a mwini mbuzi?"

"Ndiye Nafisa wangayu ndi khola?"

Nafisayo adali kuseri kwa nyumba akutsuka mbale. Mbale imodzi adaitsuka kanayi.

Nkhani yake idali yotere. Zaka zimenezo kukhoza mayeso a Sitandade 8 sikudali kanthu, nkhani idali kusankhidwa. Ana ankakhoza mazanamazana, koma malo ku sekondale adali ochepa ngati mano a nkhalamba. Nafisa adalemba kawiri, adakhoza kawiri, dzina osatuluka. Anthu ankati obwereza amawaika kumbuyo kwa mzere. Ena ankanong'ona kuti maina onga Nafisa Sidiki, maina a kumzikiti, amatopetsa diso la osankha. Kaya zidali zoona kaya ayi, ife sitidziwa, koma zinkanenedwa, ndipo makolo ankazikhulupirira.

Ndiye mphunzitsi wamkulu wa pulayimale, a Yesaya, adapeza njira. M'kaundula mwawo mudatsala dzina la Eveles, msuweni wa Nafisa. Eveles adaphunzirapo pomwepo akukhala kwa azakhali ake, koma bambo ake adamutenga ali Sitandade 6 kuti akalere ang'ono ake ndi kupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Mwini adachoka, dzina lidatsala. A Yesaya adalikweza kalasi chaka ndi chaka, ndipo Nafisa adalivala n'kulembera mayeso kachitatu. Dzinalo ndi limene lidasankhidwa kupita ku kasekondale ka boma ka ku Salima, ka Fomu 1 ndi Fomu 2 basi, komwe ana amayendera.

"Alamu," adatero a Sidiki pomaliza, ataika singano pansi, "mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Nafisa ndi mbumba yanu. Akaphunzira, woyamba kudya ndinu amalume ake."

"Mwambi umenewo utembenuzeni. Eveles nayenso ndi wanu. Akaphunzira mudzadya."

"Koma sukulu adaisiya zaka zitatu zapitazo."

"Mutu ali nawo. Adatengera ine." A Jailosi adakonza baji ya chipani pa kolala, poti adali tcheyamani wa nthambi ya kwawo. "Inu simukudziwa. Loweruka pamsonkhano akuluakulu adandiimiritsa. Adati onani tcheyamani amene akumvera mawu a boma, wophunzitsa mwana wamkazi. Amayi adaimba nthungululu. Lero ndibwerere ndikawauze kuti pepani, amene adakhoza ndi mwana wa Sidiki? Ndikanene ndekha kuti ndidanamiza boma?"

"Ndiye chikukuwawani ndi nthungululu," adatero mayi Dorothy.

"Khala chete, ndikulankhula ndi mwamuna wako. Alamu, mukafuna kukadandaula, pitani. Koma mudziwe kuti chala cholozera ine chilozeranso inu. Ndipo mawa Eveles akubwera. Akhale kuno milungu iwiriyi, Nafisa amunoleko Chingerezi."

Adakwera njinga n'kumapita, osamwa ngakhale madzi. Kunena zoona, pali anthu ena oti akakulanda mbuzi amakupemphanso chingwe, ndipo a Jailosi adali mmodzi wa iwo.

M'mawa mwake a Sidiki adavala kofia yawo yoyera n'kupita kwa a Yesaya. Adawapeza m'kaofesi kawo, ndipo atangoyamba kufotokoza, mphunzitsiyo adadzuka n'kukatseka chitseko.

"Bambo Sidiki, tsitsani mawu. Makoma ano ali ndi makutu."

"Aphunzitsi, inu ndi amene mukudziwa amene adakhala pa desiki. Lembani kalata, munene."

"Ndinene chiyani? Kuti ine Yesaya, wantchito wa boma, ndidasunga dzina la mwana amene kulibe? Ntchito yanga itha tsiku lomwelo, ndipo mwina sindigona kunyumba. Koma zimenezo zisiyeni. Chaka chino pano adalemba ana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Asankhidwa atatu. Mwa atatuwo, amene ali ndi dzina lakelake ndi mmodzi. Akabwera kudzafufuza kaundula, si Nafisa yekha amene agwe."

"Ndiye mwana wanga angokhala?"

"Alembenso. Dzina lina tipeza."

"Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, aphunzitsi. Kwa shehe kwabwera kale anthu awiri kudzafunsa ngati pakhomo panga pali mbeta. Ndakhala ndikuwabweza ndi mawu akuti mwana ali pasukulu. Chaka chino ndiwabweza ndi chiyani?"

A Yesaya adavula magalasi n'kupukuta maso. Sadali munthu woipa. Adali munthu wamantha amene ankafuna kuthandiza, ndipo anthu otere amakufikitsa pakati pa mtsinje n'kukumbukira kuti sadziwa kusambira.

"Pepani," adatero. "Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ndidayenera kuganiza."

"Tonse tidayenera kuganiza," adatero a Sidiki. "Tsiku limene ndidavomera kuti mwana wanga avule dzina langa, ndinkaona ngati ndachenjera."

Eveles adafika madzulo a tsiku lomwelo ndi kamtolo ka zovala pamutu. Adali mtsikana wojintcha, wa manja okhakhala ndi khasu, woseka msanga. Koma ulendo uno sadaseke. Adagwada patali kupereka moni, ndipo azakhali ake adamuyankha akuyang'ana kwina.

Masiku atatu oyamba asuweni awiriwa sadalankhulane kupatula za madzi ndi nkhuni. Tsiku lachinayi a Sidiki adaitana mwana wawo.

"Amalume ako adati umuphunzitse. Muphunzitse."

"Baba, ndimuphunzitse kuti akakhale pa mpando wanga?"

"Iyeyu sadakulakwire. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma pano zadya akulu, zikupota ana. Tenga buku."

Choncho m'mawa uliwonse, akamaliza kuyanika usipa pa thandala, awiriwa ankakhala pamthunzi wa bwato lakale ndi buku la Chingerezi la Sitandade 8. Nafisa ankaphunzitsa mwaukali, mawu ali ngati akudula nkhuni. Eveles ankaloza ndi chala liwu limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu. Mzere umodzi unkamutengera nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi.

"Werenganso. Apa."

Eveles adayesa, adakakamira pakati, adayambiranso, kenaka adatseka buku.

"Nafisa, ku sekondaleko amalankhula chonchi tsiku lonse?"

"Tsiku lonse. Ukalankhula Chichewa amakupatsa chibalo."

"Ndiye ine ndikakumba maenje mpaka Fomu 2."

Nafisa adafuna kuumitsa nkhope, koma kuseka kudamupulumuka. Adaseka onse awiri mpaka amayi oyanika nsomba adacheuka. Kenaka Eveles adapukuta m'maso, ndipo misozi ija sidalinso ya kuseka.

"Ukuganiza kuti sindinkaifuna sukulu? Masamu ndinkakuposa, ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Tsiku limene bambo adabwera kudzanditenga, ndidalira njira yonse mpaka kwa Maganga. Sadandifunse. Lero akundibwezera, sakundifunsanso. Pamene wailesi idatchula dzina langa ndidali kudambo. Anthu adandithamangira, kundinyamula, kundiimbira. Ndikuuze zoona, msuweni, ndidakondwa. Tsiku lonse lathunthu ndidakondwa ngati ndine. Pofika madzulo m'pamene ndidakumbuka kuti dzina langa lapita ku sekondale, ine mwini ndatsala ndi mbalame."

Nafisa adatola kausipa kamene kadagwa pamchenga n'kukapukuta.

"Ine chaka chonse chija aphunzitsi akaitana kuti Eveles, ndinkayamba ndacheuka kufuna iwe. Kenaka ndidazolowera. Tsiku lina baba adandiitana kuti Nafisa, ine osayankha. Adaitana katatu. Atandipeza sadakalipe, adangondiyang'ana."

"Ndiye titani?"

"Palibe. Tsegula buku."

Milungu iwiri idatha chomwecho. A Jailosi adatumiza uthenga kuti iwo akadikira kusukulu komweko ndi yunifolomu, a Sidiki abweretse mwanayo pa basi ya m'mawa. Ngakhale zimenezi adafuna kuti awachitire mlamu wawo.

Lamlungu masana mayi Dorothy adapeza amuna awo akusita mkanjo.

"Mukupitadi? Kukapereka nokha malo a mwana wanu?"

"Ndikupita. Nafisanso apita nawo."

"Kukatani? Kukaonera? Inu a Sidiki, kufatsa kwanuku kwatidyetsa zambiri. Ine ndidasiya tchalitchi, ndidasiya kwathu, ndidakutsatani kunyanja kuno chifukwa ndinkati ndapeza mwamuna. Mukafika kumeneko mukatsegule pakamwa. Ngati Nafisa sakalowa, asakalowenso wina aliyense."

"Ndikatsegula pakamwa ndigwetsa a Yesaya ndi ana ena a eni ake. Ndigwetsanso mlongo wako."

"Agwe! Chibale chanji chodyera mwana wanga?"

"Chibale ndi fupa, make Nafisa, sichiola. Lero wakwiya, mawa akamutenga apolisi udzalira ndiwe wemwe." Adaika simbi pansi. "Sindikudziwa chimene ndikachite. Ndikufuna mwana akaione sukuluyo ndi maso ake, ngakhale kamodzi. Adaigwirira ntchito. Zinazo, Inshallah."

Lolemba m'mawa adafika. Kasukuluko kadali ka midadada iwiri ya njerwa zootcha, ofesi ili pakati, mbendera patsogolo. Makolo ndi ana adali atakhala pansi pa mitengo ya kesha. Anyamata ndiwo adali ambiri, ena a ndevu zometa kale. Atsikana ukadawawerenga ndi zala za manja awiri n'kutsala pang'ono. Kalaliki adaima pakhonde ndi pepala, akuitana dzina limodzilimodzi, ndipo woitanidwa ankalowa mu ofesi ndi kholo lake.

A Jailosi adafika atavala jekete, baji ikuwala. Adapereka moni kwa mlamu wawo ndi nsonga za zala, n'kutulutsa m'chikwama siketi yaitali yobiriwira ndi bulauzi yoyera, zonunkha sitolo.

"Eveles, kavale msanga. Iwe Nafisa, kamuthandize. Mwabweranso bwino."

Atsikana adapita kuseri kwa mdadada. Amuna awiri adatsala chiimire, wina kuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo. Maina ankapita. Nthawi idatalika.

"Akuchedwa ndi chiyani ana amenewa?" adatero a Jailosi.

"Eveles Jailosi!" adaitana kalaliki.

Pomwepo atsikana adatulukira. Amene adavala yunifolomu adali Nafisa, mutu uli pambalambanda, siketi atayipinda m'chiuno poti idamukulira. Pambuyo pake pankabwera Eveles, atavala diresi ya Nafisa ndi mpango wa Nafisa kumutu, atamanga mpaka pachibwano monga amachitira atsikana a kumadrasa.

"Iwe!" adanong'ona a Jailosi atayang'ana Eveles, mano ali gwa. "Wapenga? Bwerera ukavule!"

"Bambo, ndayesa milungu iwiri," adatero Eveles motsitsa, koma osagwetsa maso. "Sindingathe. Akandifunsa Chingerezi m'menemo ndigwidwa lero lomwe, ndipo mugwidwa ndinu."

"Eveles Jailosi! Kodi alipo?"

"Ndilipo!" adayankha Nafisa.

"Fulumira. Kholo lake ndani?"

Anthu onse pansi pa mitengo adacheuka. Ena mwa iwo adali a kwa Maganga, koma a midzi ina, odziwa baji kuposa nkhope za ana. A Jailosi adayang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yolowa m'nyumba ya eni. Akanena kuti uyu si mwana wanga, funso lotsatira adalidziwa.

"Ndine," adatero.

Pakhomo pa ofesi ahedi adasuzumira. Adali bambo wamtali wa imvi za m'mbali, wooneka kuti ntchito yake amaikonda.

"Enawo ndi abale? Lowani nonse, panja pakutentha."

Adalowa anayi. Ahedi adayang'ana Nafisa pamwamba pa magalasi.

"Chaka chatha tidagwira awiri obwera ndi maina a eni," adatero. "Ndiye masiku ano ndimayamba ndacheza naye mwana."

Adamufunsa m'Chingerezi. Nafisa adayankha. Adamufunsanso lina lalitali, ndipo Nafisa adayankha mosadodoma, mawu ali phee, mpaka ahedi adamwetulira. Adamupatsa choko kuti achite samu pa kabolodi ka pakhoma. Asadabwerere pampando, mwana adali atamaliza.

A Sidiki sadamve liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezicho. Koma adaona nkhope ya ahedi, ndipo chifuwa chawo chidadzaza mpaka adaopa kuti alira pamaso pa anthu. Adagwira mkanjo wawo mwamphamvu.

"Bambo Jailosi," adatero ahedi, akudzuka kuwagwira chanza, "muli ndi mwana. Uyu mukamusamala adzafika ku yunivesite."

Apa ndiye padaoneka zodabwitsa za mtima wa munthu. A Jailosi, amene mphindi zisanu zapitazo adali pafupi kukomoka, adayamba kufufuma ngati mtanda wa mandasi.

"Zikomo, bwana. Timayesetsa. Adatengera ine."

Ahedi adatsegula kaundula wamkulu n'kuyamba kulemba. Dzina. Mudzi. Mfumu yaikulu. Zaka.

"Chipembedzo?"

Nafisa adatsegula pakamwa, koma amalume ake adamutsogolera.

"Mkhristu, bwana. Tonse pakhomo pathu."

Cholembera chidayenda. Nafisa adayang'ana pansi. Ndipo ahedi, atatseka kaundula, adatembenukira kwa bambo wa kofia amene adaima pafupi ndi chitseko.

"Inu ndi ndani wake?"

"Ndine mlamu wawo wa a Jailosi, bwana. Sidiki, wa ku Senga Bay. Ndangoperekeza."

"Uyu wa mpangoyu ndi mwana wanu?"

A Sidiki adayang'ana Eveles. Eveles adayang'ana iwo.

"Ndi wanga."

"Dzina lako ndani, mtsikana?"

"Nafisa," adatero Eveles.

"Uli kalasi yanji?"

"Ndidalekeza Sitandade 6."

Ahedi adapumira m'mwamba n'kuponya cholembera patebulo. Adakoka pepala lina lokhala ndi mizere.

"Bambo Sidiki, musandimve molakwa, koma ndikuuzani poti mwabwera nokha. Pepala ili ndimatumiza ku unduna chaka chilichonse. Fomu 1 ya chaka chino ili ndi ana makumi anayi ndi asanu. Atsikana ndi asanu ndi anayi. Ochokera kunyanja kwanuko ndi anayi okha. Asilamu ndi anyamata awiri. Atsikana achisilamu, onani apa." Adaloza ndi chala pa kabokosi kopanda kanthu, n'kulembamo ziro iwo akuona. "Chaka chatha chimodzimodzi. Dzana lake chimodzimodzi. Ku unduna amandifunsa kuti kodi anthu a kunyanja alibe ana aakazi? Ndiziyankha chiyani? Mwana wabwinobwino ngati uyu, mwamutulutsa Sitandade 6. Mawa timva kuti mwamukwatitsa. Bwanji osatengera chitsanzo kwa alamu anuwa?"

Nafisa adadzutsa mutu, ndipo aliyense womudziwa akadaona kuti mawu afika kale pakhosi. Liwu limodzi lokha, ziro uja akadafufutidwa, ndipo pamodzi ndi iye akadafufutidwa mwanayo. A Sidiki adamuyang'ana m'maso n'kupukusa mutu pang'ono, pang'ono kwambiri.

"Mwanena zoona, bwana," adatero. "Tamva. Tidzayesetsa."

"Muyesetsedi. Eveles, tsanzika makolo, upite m'kalasi."

Nafisa adagwada kwa a Jailosi.

"Muyende bwino, bambo."

Kenaka adasendera kwa a Sidiki. Adagwira dzanja lawo ndi manja ake awiri, koma sadapeze dzina loti awaitanire. Adangokhala chogwada, misozi ikugwera pa siketi yatsopano.

"Dzuka, mwana wa alamu," adatero a Sidiki. "Ukaphunzire."

Panja, atafika kuseri kwa mitengo kumene kudalibe anthu, a Jailosi adaphulika. Sadakalipire mlamu wawo, adakalipira mwana wawo.

"Wandichititsa manyazi, galu iwe! Ndidakugulira yunifolomu, ndidakutsegulira chitseko, iwe n'kukana!"

"Manyazi ati, bambo? Si akugwirani chanza?"

"Tseka pakamwa! Tamverani, alamu. Kwathu anthu akudziwa kuti Eveles ali ku sekondale. Sangamuonenso akupirikitsa mbalame. Wa m'kalasiyo azikhala kwa mbale wanga kuno ku boma, aziyendera pafupi, ndipo patchuthi azifikira kwa ine monga mwana wanga. Uyu wasankha yekha kukhala Nafisa. Mutengeni. Kwa Maganga ndisamuone."

Adakankha njinga n'kuchoka. Eveles adaima akuyang'ana msana wa bambo ake mpaka adakhota pa msewu. Sadalire. Adangomasula mpango pang'ono pachibwano, poti udamuthina.

"Tiye kwathu, mwanangu," adatero a Sidiki. "Basi ingatisiye."

Mayi Dorothy adali pa thandala kuyambira masana, maso ali kunjira. Ataona kofia yoyera ndi mpango wa mwana wawo zikutsika kuchokera kumsewu, adaganiza kuti Nafisa wabwezedwa. Adakhala pansi pamchenga n'kuyamba kulira, akutukwana mlongo wawo ndi mtundu wake wonse, kuiwala kuti mtunduwo ndi wawo womwe. Anthu awiriwo atayandikira, adaona kuti kayendedwe si ka Nafisa. Adadzuka, adayang'anitsitsa nkhope ya m'mpangomo, n'kugwira pakamwa.

"Eveles? Nanga Nafisa?"

"Ali m'kalasi, azakhali."

Mayi Dorothy adamukumbatira mwana uja mwamphamvu, amene milungu iwiri yathunthu sadamuyang'ane kumaso. Adalira, adaseka, adaimba nthungululu mpaka amayi anzawo adasiya nsomba n'kuthamangira. Patapita nthawi m'pamene adaona kuti amuna awo apitirira, akakhala pamkeka pansi pa mango, ukonde uli pambali osaugwira.

Adawatsatira.

"Bambo a Nafisa, amulembadi?"

"Amulemba. Alhamdulillah."

"Adakhoza zimene adamufunsa?"

"Adakhoza zonse. Ahedi adachita kuimirira."

"Nanga nkhope yagweranji? Si zimene tinkafuna?"

A Sidiki adavula kofia n'kuiika pabondo.

"Akuti ife sititumiza ana aakazi kusukulu," adatero. "Ndipo ine ndavomera."